Katundu wa Atate Aakulu ndi Lole ya a Samson

Nabvutika,
Chipata.
9 Juni, 1996.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochuluka kuchokera kuno ku Chipata. Kodi muli bwanji kumeneko ku Chadiza, inu ndi atate? Nanga mwendo uja, kutupa kunaphwa? Nkhawa yanga ili pamenepo, pakuti ndimakudziwani: ululu ukangochepa pang'ono mwasenza kale dengu, ulendo wa kumunda. Chonde mtedza wa chaka chino musiyireni mng'ono wanga Alice akumbe.

Ife tili bwino ndithu. Mkamwini wanu a Ben akugwirabe ntchito pa sitolo ya Amwenye ija yogulitsa misomali ndi utoto. Mdzukulu wanu Chikhulupiriro waguluka mano awiri akutsogolo, moti akamatchula dzina lake mpweya umangothawira pampatapo. Anzake akumuseka, koma iye alibe nazo ntchito, akuti atsopano adzamera aakulu ngati a agogo ake aamuna.

Kuno kwazizira, mphepo yotsika m'mapiri ikutipeza ndi m'mabulangete momwe. Mpope wathu wa madzi wauma, tikukatunga kutali. Maminibasi achuluka m'tauni ngati ngumbi, makondakitala akuchita kulimbirana munthu mmodzi, wina kukoka mkono wina kukoka thumba. Ntchito yanga yosoka inafooka chifukwa cha salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja zija, poti aliyense akuthamangira zovala zotsika mtengozo. Koma mwayi wake, zovalazo zimabwera zazikulu ngati matumba a thonje, ndiye eni ake akagula amabwera kwa ine kuti ndiwachepetsere. Vuto linali lakuti makina anali obwereka. Mwini wake akawafuna, ine manja lende.

Tsopano ndifike pa nkhani imene mukuidikira. Mwendowo unakulepheretsani kubwera pa maliro a atate aakulu a Edmond ku Madzimoyo, ndipo pa mwambo wa kumeta, Loweruka la sabata yatha, munalibenso. Akulu anu, amayi aakulu a Zelipa, akuti sanakwiye. Andituma kuti ndikufotokozereni zonse, koma ndiyambe ndi mawu awa kuti mtima wanu ukhale pansi: ali moyo, ali m'nyumba mwawo, ndipo malata akadali pamwamba pa mutu wawo.

Ine ndinapita Lachisanu mtima uli m'mwamba. Kuno ku Nabvutika taona zambiri. Mayi wina woyandikana nafe, mwamuna wake atamwalira, abale a mwamunayo anabwera n'kusesa m'nyumba monse, masupuni ndi katani ya pakhomo yomwe, n'kumusiyira mphasa ndi ana anayi. Ndiye nditangotsika minibasi n'kuona lole yaima pansi pa mango aja, zingwe zili mulu kumbuyo kwake, ndinati basi, kwathunso zafika.

Loleyo anabwera nayo a Samson, mng'ono wawo wa malemu, aja amakhala ku Kitwe. Mwina mukuwakumbukira, ndi aja anavina ngoma atamanga tayi pa ukwati wanga. Anagwirizana ndi dalaivala wina amene anabweretsa katundu ku Chipata ndipo amabwerera ku Migodi komweko wopanda kanthu. Tsiku lonse a Samson anangoyendayenda m'nyumba manja ali kumbuyo. Apa asisita sofa, apa atsekula kabati, apa afunsa ngati makina osokera amayendabe. Nthawi ina ndinawapeza maso ali kudenga, ndinkayesa akupemphera, osadziwa kuti akuyang'ana malata.

Amayi aakulu osatekeseka m'pang'ono pomwe. Anawaphera nkhuku alendowo, dalaivala n'kumuikira madzi osamba. Ine ndinawanong'oneza kukhitchini kuti bwanji makina okhawo tikawabise kwa anansi. Anandiyang'ana n'kunena kuti chinthu chako ukachibisa chimasanduka chakuba, ndipo iwo sanabepo kanthu m'nyumba imeneyo. Anangondiuza kuti mawa ndidzuke ndi mphamvu, kuli zonyamula.

Loweruka titatha kumeta, amayi aakulu anatiuza kuti titulutse chilichonse pabwalo. Ndikati chilichonse, ndi beseni long'aluka lomwe, ndi ambulera yopanda chogwirira ija. Chimene chinativuta ndi sofa, chifukwa panali patakhala apongozi awo, agogo a Namiti, mayi wawo wa malemu ndi a Samson. Mukudziwa kuti chithyokereni m'chiuno, agogowo tsiku lonse amakhala pa sofapo, ndipo wowasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zonsezi ndi amayi aakulu. Maso afooka, koma pakamwa pali bwinobwino. Titawapempha kuti atsike anati wotsika ndi amene wakwera mtengo. Tinachita kuwanyamulira kumodzi ndi sofayo, iwo ali phee, kabotolo ka fodya kali m'manja.

Anthu atakhala pansi, a Jairos, mkulu wa mpingo, anatsekula ndi pemphero. Ameni asanazizire, a Samson anaimirira. Anati iwo ndi Angoni, ng'ombe zinapita ku Chadiza pokatenga mkazi, choncho zonse za mkulu wawo ndi za banja la Shawa. Alamu awo atenge miphika ndi zovala, ndipo ngati akufuna kukhala pamudzipo, khitchini ilipo. A Jairos anayankha kuti masiku ano kuli lamulo la boma loteteza mkazi wamasiye ndi ana. A Samson anati lamulo la boma silinapereke ng'ombe. Mawu anayamba kukwera, ena mbali iyi ena mbali iyo.

Pamenepo amayi aakulu anagwada pakati pa bwalo, mutu wometa uja ali ndi duku lakuda. Anayankhula motsitsa, moti anthu anachita kukhalitsana chete kuti amve. Anati iwo sakutsutsa mwambo. Adya nsima ya kwa Shawa kuyambira ali mtsikana, ndipo ngati alamu awo akufuna mwambo wa makolo, iwonso akufuna womwewo, koma wathunthu, osati wodula pakati. Ndipo pabwalopo wodziwa mwambowo kuposa onse analipo mmodzi, apongozi awo. A Samson anavomera mokweza kuti eya, anene amama, ndiwo eni ake.

Agogo anayamba anunkhiza kaye fodya, n'kuyetsemula, anthu tikudikira. Kenaka anafotokoza zimene anamva kwa apongozi awo, za mmene agogo aakazi a amuna awo anachitira atafedwa, kale azungu asanamange boma, ndalama za pepala kulibe. Anati masiku amenewo chuma chinali makasu, mikanda, zibangili zamkuwa, mchere ndi ng'ombe, ndipo pa mudzi wawowo wotulutsa zinthu anali mkazi wamasiye mwini, poti ndiye ankadziwa pamene chilichonse chagona. Ankayala chikopa cha ng'ombe pabwalo, n'kumanyamula chinthu chimodzichimodzi akutchula dzina la wochilandira, akuluakulu akuvomereza.

Koma anati chinthu sichinkapita chokha. Wolandira mkondo ndi chishango ankalandiranso ntchito yolondera mudzi. Wolandira makasu ankadziwa kuti nkhokwe ya ana amasiye ili pa msana pake. Wolandira ng'ombe ankatenga ndi kamwa zonse zimene zinkamwa mkaka wake. Munthu akaona kuti mtolowo sautha, ankachisiya chinthucho pachikopa pomwepo, ndipo panalibe womuseka. Atatha anafunsa ngati Samson wamva. A Samson anati amva, koma mawu anali atayamba kuchepa.

Basi amayi aakulu anayamba kugawa. Njinga anapatsa Petulo, mwana wa mlongo wawo wa malemu, n'kumuuza kuti njingayo imadziwa njira ziwiri, ya kuchipatala kukatenga mankhwala a agogo ndi ya kuchigayo, ndipo isaiwale. Wailesi inapita kwa a Monika, mayi ake a Petuloyo, pamodzi ndi ntchito yobwera Lamlungu lililonse kudzakhala ndi agogo kuti amayi aakulu azipitako kutchalitchi. Mabuku amene malemu ankaphunzitsira anapita ku sukulu. Majekete, nsapato ndi chipewa anagawana amuna, aliyense ndi kantchito kake, wina kufolera nkhokwe, wina kukonza khola. Ndalama zimene malemu ankasunga ku positi ofesi anati ndi za sukulu ya adzukulu awo atatu aja anasiyidwa ndi mwana wawo, malemu achimwene a Goodson. Wina anafuna kutsekula pakamwa, agogo anakhosomola, iye n'kutseka.

Atafika pa makina osokera ndinamva dzina langa. Panali kung'ung'udza kuti Tamiwe si wa kwa Shawa. Amayi aakulu anati ndi zoona, koma makinawo anagula okha ndi mtedza wa m'munda mwawo, ndipo wowatenga azisokera adzukulu atatuwo mayunifomu mpaka atamaliza sukulu. Anawonjeza kuti Maliya, wamkulu pa atatuwo, akadzakhoza mayeso a giredi seveni, adzakhala m'nyumba mwa wotenga makinayo m'tauni. Anafunsa ngati pali wa kwa Shawa amene akuwafuna pa mawu amenewo. Palibe amene anawafuna. Ine ndinayenda chogwada n'kulandira ndi manja awiri, osafunsa n'komwe mkamwini wanu.

Tsopano panatsala zikuluzikulu. A Samson anaona kuti zinthu zikutha, ndiye anati iwo monga mng'ono wa malemu akufuna sofa, kabati ndi bedi. Amayi aakulu anati tengani alamu, ndi zanu. Dalaivala ndi amuna awiri anabwera ndi zingwe, n'kuima pafupi ndi sofa. Apa ndilembe mawu ake enieni, chifukwa anthu a ku Madzimoyo akuwabwerezabe mpaka lero.

"Amama, tatsikani pang'ono tikweze mpandowu," anatero a Samson.

"Nditsikirenji? Kwezani. Ku Kitwe sindinafikeko, ndikaoneko nanenso."

"Ayi amama, inu mutsala. Tikungotenga mpando."

"Iwe, makutu unasiya ku Migodi? Chinthu sichipita chokha. Mpando upita ndi wokhalapo wake. Mkazi wako amatha kuphika phala la mtedza? Ndimadya kawiri dzuwa lisanakwere. Ndipo andisambitse ndi madzi ofunda, osati otentha ngati akufuna kundisosola nthenga."

Bwalo lonse linaphulika. Azimayi anagwerana, a Jairos anabisa nkhope m'chipewa mapewa akugwedezeka, kenaka anati walira mvula walira matope. Mkazi wa a Samson, a Loveness, amene sanamwerane madzi ndi apongozi awo chiyambire mkangano wa mchere wa m'ndiwo zaka zapitazo, anadzuka pakati pa azimayi n'kukalanda zingwe m'manja mwa dalaivala, n'kuziponya mu lole. Agogo anafunsa kuti bwanji sitikunyamuka, iwo akonzeka kale. Ine ndinaseka mpaka nthiti kupweteka, n'kuiwala kuti tili pa maliro.

Koma a Samson sanaseke. Anapita n'kukakhala pa ngolo, mutu uli m'manja. Kuseka kuja kunazirala pang'onopang'ono. Ndi a Loveness amene anaulula, misozi ili m'maso. Anati kampani imene amuna awo ankagwirako inagulitsidwa chaka chatha, anthu ambiri n'kuchotsedwa ntchito, iwo ali m'gulu lomwelo. Mipando yawo anagulitsa kalekale, bedi lomwe, ana akugona pansi ndipo awiri asiya sukulu. Amuna awo ankachita manyazi kuti kumudzi kudziwike, poti anthu anazolowera kuwaona akubwera ndi shuga ndi sopo wa aliyense.

Amayi aakulu anati zimenezo anazidziwa pa tsiku la maliro lomwe. Anaona mmene ana a alamu awo ankadyera, osayang'ana kumbali, ndiponso kuti a Samson anavala nsapato zomwe zija za pa ukwati wanga. Anati n'chifukwa chake ng'ombe ziwiri zolimira, pulawo, ngolo ndi munda wa kudambo sanazitchulire munthu. Anazisungira a Samson. Koma mtolo wake ndi wakuti abwerere kumudzi ndi banja lawo, mvula ikagwa ayambe kulima munda wa amasiye kenaka wawo, ndipo azithandiza kunyamula mayi awo, chifukwa msana wa amayi aakulu wayamba kudandaula. Nyumba ikhala ya amayi aakuluwo ndi adzukulu.

A Samson anapempha kuti akaganize. Agogo anati aganize msanga, ng'ombe sizidya maganizo. Lamlungu m'mawa, tisanapite kutchalitchi, ndinawaona ali kukhola, tayi palibe, akusisita ng'ombe ija yakuda pamphumi. Atabwerako anagwada pamaso pa alamu awo n'kupepesa pa mawu a khitchini aja. Amayi aakulu anati mawu a pa maliro amapita ndi tsitsi lometedwa. Agwirizana kuti adzasamuka mu Ogasiti, ana akatsekera, kuti adzayambe kuumba njerwa.

Lole ija sinabwerere yopanda kanthu. Anakwezamo matumba a chimanga, mtedza, mbatata, ndi bedi pamodzi ndi matiresi kuti ana aja aleke kugona pansi. Kabati a Samson anaisiya okha. Dalaivala anamulipira mbuzi. Anati chiyambire kuyendetsa galimoto sanalipidwepo ndi chinthu cholira, koma anaimangirira bwinobwino kumbuyo, ndipo tinaimva ikulira mpaka lole itakhotera kumsewu waukulu. Sofa tinaibweza m'nyumba mmene tinaitulutsira, mwini wake ali pomwepo, akudandaula kuti tamumana ulendo.

Ine ndinabwerera Lolemba, mutu wa makina uli pamiyendo, thebulo lake lili padenga la minibasi. Kondakitala anati makinawo alipire ngati munthu. Ndinamuuza kuti ngati ndi munthu awapatse mpando, ndiye anangoseka n'kundisiya. Kunyumba ndinafika ndi mantha, poti ndinavomera mwana wa eni osafunsa. Ndinawafotokozera a Ben zonse, kuyambira pa lole mpaka pa mbuzi. Anayang'ana kachipinda kathu kaja, kenaka anati bola sanakupatseni sofa. Dzulo abwera ndi matabwa, akuti akhoma kabedi ka Maliya nthawi ikadalipo. Chikhulupiriro wayamba kale kuuza anzake kuti akubwera achemwali ake.

Makinawo akuyenda bwino kwambiri. Ndawaika pakhonde, ndipo sabata ino yokha ndachepetsa madiresi ambiri kuposa mwezi wonse wathawu. Nsalu ya yunifomu ya ana aja ndagula kale.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, Amayi, ndipo musalikane. Lamlungu lija, alendo onse atabalalika, m'nyumba munkamveka mwazii, wailesi palibe, mabuku palibe. Ndinawasowa amayi aakulu, n'kukawapeza kudimba. Anali ataima pakati pa mabedi a repu amene atate aakulu anabzala asanadwale, kheni yothirira ili m'manja, madzi osathira. Anandiuza kuti chinthu chilichonse achipezera mwini wake, koma nkhani zimene ankawauza amuna awo madzulo akaweruka alibe wozipatsa. Ndine mwana, pali zina zimene sangandiuze.

Choncho mwendo ukangolola, bwerani mudzakhale nawo ngakhale mwezi umodzi. A Ben akuti za ulendo musadere nkhawa, adzakutumizirani ndalama kudzera mwa amene wabweretsa kalatayi, ndipo ine ndidzakuchingamirani pa siteji n'kukuperekezani mpaka ku Madzimoyo. Atate musawaopere njala, Alice amaphika. Gawo lanunso lilipo. Ndi ketulo ya buluu ija agogo, mayi anu, anawapatsa amayi aakulu pa ukwati wawo, imene inu mumati inayenera kukhala yanu. Ndinapempha kuti ndikutumizireni, koma akana. Akuti mudzaitenge nokha, ndipo musavutike kunyamula nkhuku kapena ufa, mungobwera ndi pakamwa panu.

Mundiperekere moni kwa atate, muwauze kuti jekete lawo lija alitumize ndidzalisoke m'khwapa. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya, kwa mng'ono wanga Alice ndi ana ake, kwa achimwene a Limbani ndi alamu anga, ndi kwa amayi onse a chigwirizano cha kutchalitchi amene amandifunsa. Mkamwini wanu akupereka moni mwaulemu. Chikhulupiriro akuti muuze agogo aamuna kuti asunge nzimbe zake, mano akubwera.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tamiwe